Utsi wa pa Mgolo wa Sipanala

Adokotala anafika kunyumba yawo ya m'phiri Lachitatu, nthawi ili 10:20 m'mawa, ndipo anapeza zovala za eni zitayanikidwa pakhonde. Tiana tiwiri tatikazi, tofanana mpaka mano oguluka, tinkasewera pa katungwe amene iwo anamangira adzukulu awo.

Nyumbayo ndi yamatabwa, ya zipinda zitatu. Ili payokha pakati pa mitengo ya paini, makilomita khumi ndi awiri kuchokera pamsewu wa tala. Adokotala, omwe anapuma pantchito yozula mano, ankabwerako mwa apo ndi apo. Ulendo uno panali patadutsa miyezi inayi. Nyumbayi sanabwerekepo munthu, ngakhale mlamu wawo weniweni.

Anayesa kiyi wawo pachitseko cha kutsogolo, osalowa. Loko anali wina. Ali chiimire, kuseri kunatulukira bambo wamagalasi atavala kabudula ndi patapata, kapu ya tiyi ili m'manja. Anawalonjera mwaulemu, nkuwafunsa ngati asochera.

"Ndisochere pakhomo panga?" anatero Adokotala.

Anathamangira ku kachipinda kosungiramo katundu. Loko wa kumeneko anali atadulidwa. Mabatire anayi a sola kunalibe, jenereta kunalibe. Adokotala anakwera pamwala wa kumtunda, pomwe foni imagwira, nkuimbira apolisi.

Apolisi anafika 12 koloko itangodutsa. Anali awiri: Sajeni, mayi wamtali wosataya mawu, ndi wapolisi wachimuna woyendetsa galimoto. Sajeni anakhala pampando wa pakhonde, natsegula kabuku, nkuuza bambo wamagalasi uja kuti ayambe.

Bamboyo anali mphunzitsi wa masamu. Aliyense ankangomutchula kuti Aphunzitsi, mpaka akazi awo akapsa mtima. Anafotokoza kuti anaona nyumbayi pa intaneti, zithunzi zokongola, mtengo wofikirika. Chikwatirane anali asanapitepo kutchuthi ndi banja. Anaimba nambala, anayankha munthu amene anati ndi kapitawo wa malowo. Anafika Lamlungu masana, kapitawoyo anawalandira pachipata cha nyumbayo, nkuwapatsa kiyi. Anamulipira pamanja. Lisiti anati abweretsa mawa.

Sajeni anapempha kuona tsamba la pa intaneti lija. Linali litafufutidwa. Anaimba nambala ija, yozima. Anafunsa dzina la kapitawoyo. Aphunzitsi anayang'ana akazi awo, akazi awo nkuyang'ana Aphunzitsi. Masiku atatu onsewo ankangomuti a Kapitawo.

Anafunsa maonekedwe ake. Aphunzitsi anati wamfupi, wachipewa, wa ovolosi yabuluu. Akazi awo, Amake Mapasa, omwe ndi telala, anawonjezera kuti ovolosiyo inali ndi chigamba pabondo lamanzere, chosokedwa ndi ulusi wofiira, ndipo wosokayo sadziwa ntchito. Sajeni anati theka la amuna a m'phirimo ndi aafupi, azipewa, a maovolosi abuluu, ndipo apolisi samanga chigamba.

Mpaka apo nkhani ikanatha kukambika. Chinaiwononga ndi funso limodzi: mabatire anatuluka bwanji? Msewu ndi umodzi, ndipo pachipata cha nkhalango pali mlonda amene amalemba galimoto iliyonse.

Aphunzitsi anachotsa magalasi, nkuwapukuta ndi malaya. Anavomera kuti anawanyamula ndi iwo. Lachiwiri m'mawa kapitawo uja anati mabatire afooka, jenereta nayo ikufuna kukonza, kodi abwana sangathandize kuzitsitsira pamphambano? Aphunzitsi munthu wosatha kukana. Anathandiza kukweza, anayendetsa, anathandizanso kutsitsa. Pamphambano panali kagalimoto koyera kakudikira. Nambala yake sanaione.

Mlonda wa pachipata anatsimikiza zonse, koma kapitawo sanamuone. Munthuyo anatsika asanafike pachipata, ati akadzithandize patchire, nkukakwereranso kumunsi. M'buku munalembedwa galimoto ya Aphunzitsi, nthawi 9:15, munthu mmodzi, katundu kumbuyo.

Kiyi wa loko wachilendo ali m'thumba mwako, katundu watuluka pa galimoto yako, mboni yakuona wekha. Ngakhale mayi ako atakhala wapolisi angakumange. Nthawi ili 2 koloko Aphunzitsi anakwera galimoto ya polisi, akadali pa kabudula yemwe uja. Galimoto yawo inatengedwa ngati umboni.

Sajeni ananena poyera kuti mlandu ulowa m'khothi Lolemba: kuthyola nyumba ndi kuba. Lolemba lomwelo sukulu zinkatsegulidwa. Amake Mapasa ankadziwa lamulo la ntchito ya amuna awo. Mphunzitsi akangoimirira m'khothi pa mlandu wakuba amayamba waimitsidwa, zina pambuyo. Ndipo dzina likada, ngakhale khothi litakumasula, makolo saiwala. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za choko zinali pafupi kuthera pa mabatire anayi.

Galimoto yowatsitsira kumunsi mayi ndi anawo inali itapita ndi apolisi, mvula nayo inali itayamba. Adokotala anang'ung'udza, anazungulira nyumba kawiri, kenako anati akhale m'chipinda cha kumbuyo mpaka Loweruka, koma asakhudze makapu awo agalasi. Choncho wodandaula ndi banja la woganiziridwa anagona denga limodzi, kupatsana moni wa mano okha.

Lachinayi m'mawa Sajeni anabweranso kudzalemba katundu wosowa. Anapeza pabalaza pali mkangano. Mapasa ankakana kusamba. Mmodzi anati madzi akuzizira ngati a mufiriji, iwo akufuna otentha a pampope ngati dzulo.

Adokotala anaseka koyamba chifikire. Anati bodza layambira kwa ana. Nyumba ino mpope wa madzi otentha unauma kalekale, papita chaka ndi miyezi iwiri. Mapulambala atatu anabwera, onse anakanika, womaliza anati afukule paipi yonse kuchokera ku thanki. Iwo anamuthamangitsa.

Amake Mapasa anaika pansi thaulo. Ankatha kupirira kutchedwa mkazi wa wakuba, koma ana awo kutchedwa abodza, ayi.

"Adokotala, ife tasamba madzi otentha m'mawa uliwonse. Tiyeni mukaone."

Kuseri kwa nyumba, moyang'ana chigwa, kunali mgolo wachitsulo wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa, uli ndi chumuni chachitali. Pansi pake amasonkhapo nkhuni, madzi nkumatentha, nkumalowa m'bafa. Mgolowo unagunda khoma la chipinda chomwe mapasa ankagona. Sajeni anagwada, nkulowetsa dzanja m'ng'anjo. Phulusa linali lofewa, loyera, la masiku omwewa. Pambali panali nkhuni zowaza bwino, zofanana utali, zosanjidwa mopingasa.

Adokotala anayang'ana nkhunizo nthawi yaitali.

"Sipanala," anatero.

Sajeni anawauza kuti afotokoze. Sipanala anali wantchito wawo zaka zisanu ndi chimodzi. Ankayenda ndi sipanala m'thumba ngakhale popita kumaliro, dzina nkuchokera pomwepo. Mgolowo anaumanga ndi iyeyo, mapaipi onse anayala yekha, wina aliyense samalola kuti akhudze. Anakangana chaka chatha pa nkhani ya utoto umene unasowa, Adokotala nkumuchotsa tsiku lomwelo. Sabata yomweyo madzi otentha anasiya kutuluka. Iwo anamva kuti munthuyo anapita kutali kukafuna ntchito, ndiye sanamuganizire nkomwe. Komanso Sipanala amene iwo ankamudziwa anali wandevu.

Sajeni anati ndevu amameta. Anatseka kabuku, nkufunsa komwe munthuyo amakhala.

Anakafika kwawo 3 koloko masana, kumunsi kwa phiri. Anapeza mkazi wake akuchapa. Mayiyo anati bambo anachoka Lachitatu m'mawa, sananene kopita, ndipo iye si mlonda wa mwamuna. Pachingwe panali ovolosi yabuluu ya chigamba cha ulusi wofiira. Sajeni anaitenga.

Lachisanu apolisi anafunsa pamphambano, kwa okonza mabatire, kwa oyendetsa njinga zamoto. Onse ankamudziwa Sipanala, koma panalibe amene anamuona. Mmodzi yekha anawatsina khutu kuti ali m'nkhalango, kwa anthu ocheka matabwa, tsidya lina la chigwa. Misasa ya ocheka matabwa ilipo yoposa khumi. Galimoto ya polisi imamveka ikadali kutali, ndipo pofika pamsasa umapeza moto wokha ukuyaka. Anayesa misasa itatu, nkubwerera matope okhaokha.

Madzulo a tsikulo Amake Mapasa anapita kupolisi pa galimoto ya Adokotala, omwe tsopano anali atayamba kuwatchula kuti mayi. Aphunzitsi anatuluka m'chitokosi atagwira kabudula ndi dzanja, lamba atawalanda. Maso anali ofiira. Anafunsa za ana, kenako anafunsa ngati wina wa kusukulu waimba. Akazi awo anati ayi. Ankanama, ahedi anali ataimba kawiri kufunsa za ndandanda ya maphunziro.

Sajeni sanawabisire. Anati iye mumtima wakhulupirira, koma phulusa ndi ovolosi sizichotsa dzina la Aphunzitsi m'buku la mlonda. Akuluakulu ake anena kuti mwina awiriwa anagwirizana. Popanda Sipanala mwini wake, Lolemba mlandu ulowa.

Pobwerera, galimoto ikukwera phiri, Amake Mapasa anayamba kuganiza za kapitawo uja. Mtima unkawawa, komanso mutu unkagwira ntchito. Anakumbukira mmene munthu uja ankachitira. Ankabwera 6 koloko m'mawa uliwonse. Asanayatse moto ankayamba wapita kuseri kwa tchire, kumtunda kwa mgolo, nkubwerako manja ali dothi. Madzi akatentha ankaphwasula moto, nkupitanso kutchire kuja asanachoke. Ndipo tsiku loyamba lenilenilo anawaitana iwo, osati Aphunzitsi, nkuwauza katatu kuti asadzayerekeze kuyatsa okha. Anati mgolowo uli ndi timipope tiwiri tomwe amatidziwa yekha, kena kolowetsa madzi, kena kotulutsa nthunzi. Ukayatsa tili totseka, mgolo umaphulika ndi khoma lomwe. Anawonjezera kuti komwe amagona amachiona chumunicho, ndipo akadzaona utsi iye asanabwere, adzakangana.

Anauza Adokotala kuti aime pamwala wa foni. Anaimbira Sajeni.

Sajeni anamvetsera mpaka kumapeto. Anati wakuba amene wathawa sabwerera chifukwa cha mgolo.

"Chifukwa cha mgolo mwina ayi," anatero Amake Mapasa. "Koma ana anga ankawasemera timagalimoto. Akawaona pafupi, abwera."

Kenako Sajeni anati afika 5 koloko m'mawa, galimoto aisiya kumunsi.

Loweruka kunacha bwino, nkhungu itatsikira m'chigwa, mapiri a tsidya akuoneka mtengo umodziumodzi. Sajeni ndi mnzake uja anafika wapansi, atavala zovala wamba, nkubisala m'kachipinda ka katundu. Adokotala anabisa galimoto yawo kuseri kwa mitengo kuti aoneke ngati anachoka. M'ng'anjo sanasonkhe nkhuni. Amake Mapasa anatenga chitini chakale cha utoto, anaikamo makala ochepa a moto, pamwamba nkuunjikapo masamba aawisi a paini, nkuchikankhira pansi penipeni pa chumuni. Moto woti nkutenthetsa mgolo panalibe. Utsi wokha ndiwo unali wambiri.

Nthawi ili 6:30 chumuni chinayamba kufuka, utsi woyera, wochindikala, wowongoka. Amake Mapasa anaveka ana majuzi ofiira, anayala mkeka pafupi ndi mgolo, nkuwapatsa buledi ndi tiyi. Anawauza kuti lero adyera panja. Iwo anakhala pakhonde ndi singano m'manja, koma sanasoke kanthu. Ankadziwa kuti mgolowo ndi wozizira, anaukhudza kawiri ndi dzanja lawo. Komabe kuona ana ako atakhala pamalo amene wawaika ngati nyambo, maso ako sachoka pa iwo.

Mphindi khumi zinadutsa. Makumi awiri. Masamba anayamba kuuma, Amake Mapasa anawonjezera ena. Mapasa anamaliza buledi nkuyamba kukanganirana kapu. Sajeni anasuzumira pazenera, nkugwedeza mutu.

Nthawi ili 7:05 kumunsi kunamveka mawu. Poyamba ngati munthu akuitana galu. Kenako anamveka bwino.

"Zimitsani! Mayi, chotsani ana!"

Anatulukira m'mitengo akuthamanga chokwera, wamfupi, wopanda chipewa, nsapato imodzi itatsala m'njira. Buluku linali litanyowa mpaka m'chiuno, anawoloka mtsinje osafuna mlatho. Sanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Anafika pamkeka, ananyamula mapasa wina uku wina uku, nkukawatula kuseri kwa thanki. Anathamangira kutchire kuja, anagubuduza mwala, anafukula dothi ndi zala, nkutulutsa sipanala m'thumba. Anapotokola kampope koyamba, kenako kachiwiri. Madzi anamveka akuthamanga m'paipi.

Anabwerera pang'anjo akupuma ngati wodwala chifuwa, natola nkhuni yoti aphwasulire moto. Anawerama. Anaona chitini cha utoto ndi masamba ake.

Anakhala chowerama choncho kwa kanthawi. Kenako anaika chikhatho pamgolo. Wozizira. Atatembenuka anapeza Sajeni ataima kumbuyo kwake, unyolo uli m'manja, wapolisi wina atatseka njira ya kumtsinje.

Sanathawe. Mphamvu zake zonse zinali zitathera pachitunda. Anakhala pansi, nkupereka manja. Adokotala anatuluka m'nyumba ali ndi mawu ambiri okonzeka, koma ataona phazi lopanda nsapato likutuluka magazi, anangoti, "Ndiye timipope tinali apa nthawi yonseyi?"

Kupolisi sanavute. Anati ganizo linamubwerera ataona kuti nyumba ikungokhala miyezi, iye ali pa ulova. Zithunzi anali nazo kale m'foni. Banja la Aphunzitsi linali lachitatu kulilowetsamo, awiri oyambawo anabwera nkupita osadziwa kanthu, wina mpaka anamusiyira jekete. Za mabatire anaziganiza atamva kuti Adokotala akufuna kugulitsa malowo. Sajeni anamufunsa chifukwa chake ankavutika kutenthetsa madzi, poti akanangowauza alendowo kuti mgolo unawonongeka. Sipanala anamuyang'ana ngati wamutukwana. Anati m'phiri muno mumazizira, mlendo sangasambe madzi ozizira pa nyumba imene iye akuyang'anira.

Anatchula mwini kagalimoto koyera. Pofika 1 koloko masana mabatire anayi ndi jenereta zinali pa kauntala ya polisi, mwini kagalimoto ali pabenchi akulumbira kuti iye anangopatsidwa hayala. Sipanala analemba m'chikalata chake kuti Aphunzitsi sankadziwa kanthu. Anasaina.

Nthawi ili 3:40 anatsegula chitokosi. Aphunzitsi anatuluka, Sipanala akulowa. Anakumana pa kauntala, wina akulandira lamba ndi magalasi, wina akupereka lamba ndi sipanala. Aphunzitsi, mwa chizolowezi chawo chija, anatsala pang'ono kumupatsa moni, akazi awo nkuwakoka malaya.

Sipanala anayang'ana Amake Mapasa. Sanakweze mawu.

"Mayi, mukanandikola ndi china chilichonse. Osati ana."

Mawuwo anawalasa, ndipo nkhope inaonetsa. Koma sanagwetse maso.

"Ana omwewo munawatengera bambo wawo," anatero. "Ndinalibe china chokukolerani."

Wapolisi anamugwira paphewa, nkumulowetsa.

Mlandu unaweruzidwa patatha milungu itatu. Sipanala anavomera milandu yonse: kuthyola nyumba, kuba, ndi kulandira malipiro mwachinyengo. Woimira boma anapempha zaka zisanu. Woweruza atafunsa ngati pali wina wofuna kunenapo kanthu chilango chisanaperekedwe, Amake Mapasa anaimirira. Aphunzitsi sanabwere, anali m'kalasi. Mayiwo anafotokoza za mtsinje, za nsapato imodzi, za mmene munthuyo anayambira kunyamula ana asanakhudze china chilichonse. Anati iwo anamutchera msampha podalira kuti ali ndi mtima, ndipo akanakhala wopanda mtima bwenzi lero ali mfulu, amuna awo ali m'ndende. Anati sakupempha kuti amasulidwe, wakuba ndi wakuba, koma khothi lidziwe chimene chinamugwiritsa.

Woweruza analemba nthawi yaitali. Anagamula zaka ziwiri ndi theka, akagwire ntchito yakalavulagaga.

Potuluka naye, Sipanala anadutsa pafupi ndi benchi yomwe mayiwo anakhala. Iwo anakonzeka kumva zikomo kapena mwano. Munthuyo sanawayang'ane nkomwe. Amake Mapasa anakhala pabenchipo mpaka khothi lonse linatuluka, kenako ananyamula chikwama chawo nkupita kukatenga ana kusukulu.